Kodi Mumavala Saizi Yanji?

Poyamba ndithokoze akonzi a magazini ino pondikumbukira ine mwana wakale wa seminale, ndi kundipempha kuti ndilembeko kanthu za Chisipanishi, chilankhulo chimene ndidaphunzira atanditumiza kukapitiriza maphunziro ku Spain. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka a Fomu 4, mukuyembekeza kuti ndikamba za mabuku akuluakulu ndi mawu ozama a m'kalasi. Pepani, ine ndasankha nkhani ya malaya, thalauza ndi nsapato. Munthu akafika m'dziko la eni, asanayambe kutsutsana ndi anthu ophunzira pa nkhani zakuya, amayenera kudya, kufunsa njira ndi kuvala. Mwa zitatuzi, mawu a zovala ndiwo adanditsekulira chilankhulo chonse, ndiponso adandiphunzitsa kanthu kena ka ulemu wa munthu kamene ndikufuna kugawana nanu, ndi abambo athu ansembe, ndi makolo amene amawerenga nafe magaziniyi.

Chisipanishi si chilankhulo chaching'ono ayi. Anthu pafupifupi 500 miliyoni adachiyamwira kwa amayi awo, ndipo ndi chilankhulo chachikulu cha boma m'mayiko 20. Ambiri mwa mayikowa ali ku America, monga Mexico, Colombia, Peru ndi Argentina, koma limodzi lili mu Africa momwe muno, ndilo Equatorial Guinea. Chilankhulochi ndi mwana wa Chilatini, chomwecho chimene ena a inu mumachiona ngati chilango. Mzinda umene ndidakakhala ndi Salamanca, kumadzulo kwa Madrid, kumene kuli yunivesite imene idayamba m'chaka cha 1218. Mumzinda momwemo ndi mmene Antonio de Nebrija adasindikiza buku loyamba la malamulo a chilankhulochi m'chaka cha 1492, ndipo mpaka lero alendo ochokera m'mayiko ambiri amapita kumeneko kukachiphunzira.

Ndidafika mwezi wa Sepitembala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinkadabwa anthu akamandifunsa ngati ndabweretsa zovala za chisanu. Salamanca ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 800 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye kuti m'munsi poyerekeza ndi Lilongwe kapena Dedza, koma popeza ili kutali kumpoto kwa dziko lapansi, kuzizira kwake n'kwina. Nyengo zawo n'zotembenuka. Pamene ife tikubzala ndi kupalira mu Disembala ndi Januwale, iwo ali pakati pa chisanu, madzi a m'zithaphwi amaundana usiku kukhala ngati galasi, ndipo mphepo ya m'mbali mwa mtsinje wa Tormes imalowa mpaka m'mafupa. Eni dera amanena moseka kuti kwawo kuli “nueve meses de invierno y tres de infierno”, kutanthauza miyezi isanu ndi inayi ya chisanu ndi itatu yotentha ngati ku Gehena.

M'sutikesi mwanga mudali malaya asanu, mathalauza atatu, suti imodzi ndi juzi imene amayi adandilukira. Pofika kumayambiriro kwa Novembala zonsezi zidachepa mphamvu. Anthu a m'nyumba imene ndinkakhala adali okoma mtima, ndipo adandibwereka jasi la wansembe wina wamtali ndi wojintcha. Jasilo lidali lofunda ndithu, koma manja ake ankabisa zala zanga, ndipo m'munsi linkasesa masitepe. Ndidathokoza ndi kulivala, koma ndidazindikira chinthu chimodzi, chakuti munthu wopanda mawu amavala chimene ena amuganizira. Sanganene kuti ichi chandithina, icho chandikulira, kapena kuti mtundu uwu sindiukonda. Amangogwedeza mutu ngati mwana wa m'manja. Ndalama ya m'thumba imene ndinkalandira idali yochepa, yokwanira jasi limodzi basi, ndipo ndikadagula losayenera ndikadakhala nalo mpaka chisanu chitatha. Motero ndidagula kakope kakang'ono, n'kulemba pachikuto pake mawu akuti “la ropa”, ndiwo zovala.

Mphunzitsi wanga weniweni pa nkhaniyi sadali wa m'kalasi. Adali mayi ena achikulire amene ankachapa ndi kusita zovala za m'nyumbamo, obadwira kumudzi kufupi ndi Béjar, tauni yodziwika kuyambira kale ndi nsalu za ubweya wa nkhosa. Masana ndikaweruka ndinkapita kuchipinda chochapira kukawathandiza kupinda zovala, iwo n'kumanyamula chimodzichimodzi ndi kuchitchula dzina, ine n'kumabwereza. Apa m'pamene ndidaona mwayi umene ife olankhula Chichewa tili nawo. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga momwe timawatchulira ife, osasinthasintha ngati a m'Chingerezi. Mawu akuti “camisa”, malaya, mwana wa Sitandade 2 atha kuwatchula bwino akangouzidwa kuti c ameneyo ndi k.

Zosiyana zilipo koma n'zowerengeka. Lemba la h silitchulidwa. Lemba la ñ ndi ny wathu wa mu nyama. Malembo a ll amamveka ngati y, kotero “talla”, saizi ya chovala, imatchulidwa kuti taya. Lemba la j limatulukira kukhosi ngati munthu akuchotsa kaminga ka nsomba. Lemba la z anthu ambiri a ku Spain amalitchula lilime lili pakati pa mano, koma a ku America amalitchula ngati s wamba. Chimene chimafuna khama kwa ife ndi l ndi r, malembo amene m'Chichewa sasintha tanthauzo la mawu. Kwa iwo “pelo” ndi tsitsi, “pero” ndi koma, ndipo “perro” ndi galu. Mawu a “ropa” omwewo amayamba ndi r wonjenjemera, choncho mayi aja ankandibwerezetsa “ropa” ndi “gorra”, chipewa chamlomo, mpaka lilime lidazolowera.

Mayina ena ndidapeza kuti ndi abale athu. “Zapato” ndi nsapato. Ife tidalandira mawuwa kwa Apwitikizi amene amati “sapato”, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi pachibale, ana a mayi mmodzi. “Chaqueta” ndi jekete, “botón” ndi batani, “jersey” ndi juzi, ndipo “máquina de coser” ndi makina osokera. Ena adali achilendo ndithu: “pantalón” thalauza, “falda” siketi, “vestido” diresi, “calcetines” masokosi, “cinturón” lamba, “corbata” tayi, “traje” suti, “bolsillo” thumba, “manga” mkono wa malaya. Jinzi ku Spain amaitcha “vaqueros”, kutanthauza za abusa a ng'ombe, pakuti ng'ombe yaikazi ndi “vaca”. Tsono padali mawu anayi amene ndidawalemba ndi inki yofiira chifukwa thupi langa lidawafuna mwamsanga: “abrigo” jasi, “bufanda” mpango wa m'khosi, “guantes” magolovesi, ndi “gorro” chisoti cha ubweya chofika m'makutu.

Pa malamulo a chilankhulo, ife tili patsogolo kuposa Angerezi. Taganizani momwe timanenera: malaya oyera, chipewa choyera, nsapato zoyera. Mfotokozi amabwera pambuyo pa dzina, ndipo amasintha motsata gulu la dzinalo. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi: “camisa blanca”, “pantalón blanco”, “zapatos blancos”. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumayambiriro kwa mawu, iwo kumapeto, ndiponso ife tili ndi magulu ambiri a mayina pamene iwo ali ndi awiri okha, lachimuna limene limatenga “el” ndi lachikazi limene limatenga “la”. Musafunse chifukwa chake diresi, “el vestido”, ndi dzina lachimuna pamene tayi, “la corbata”, ndi lachikazi. Ifenso sitikhala pansi kufunsa chifukwa chake mpeni uli m'gulu limodzi ndi mtengo. Mungophunzira dzina lililonse pamodzi ndi kamawu kake. Pa mitundu, “negro” wakuda, “blanco” woyera, “rojo” wofiira ndi “amarillo” wachikasu amasintha o kukhala a pa dzina lachikazi, koma “azul” wabuluu, “verde” wobiriwira ndi “gris” wotuwa sasintha.

Aneni ofunika ndi ochepa. “Ponerse” ndi kuvala, “quitarse” ndi kuvula, “probarse” ndi kuyesa chovala. Kamawu ka “se” kali kumapetoko kamagwira ntchito ngati -dzi- wathu wa mu kudziveka, kotero munthu akati “me pongo los zapatos” akunena kuti ndikudziika nsapato. Ukakhala utavala kale, mneni wake ndi “llevar”, amene tanthauzo lake loyamba ndi kunyamula: “llevo una camisa blanca”, ndavala malaya oyera. Palinso “estrenar”, kuvala chinthu koyamba. Monga ife timakondera kuvala zatsopano pa Khirisimasi, ku Spain mwambo wakale ndi kuvala chatsopano pa Lamulungu la Kanjedza.

Koma mneni amene adandisangalatsa koposa ndi “quedar”, kukhala kapena kutsala. Tsiku lina nditavala suti yanga, mayi aja adandiyang'ana n'kunena kuti “te queda bien”. Nditamasulira liwu ndi liwu ndidaseka, pakuti ndi momwe timanenera kwathu: yakukhala bwino. Anthu a mayiko awiri otalikirana chotere adagwirizana kuti chovala chabwino chimakhala pa munthu. Kuchokera pa mneni ameneyu pamatuluka zonse zimene ndinkasowa pa jasi lobwereka lija: “me queda grande”, chandikulira, “me queda pequeño”, chandichepera, “me queda estrecho”, chandithina, “me queda largo”, chanditalikira, “me queda corto”, chandifupikira.

Ndisanatulutse ndalama, ndidayamba ndayesa mawu anga m'masitolo a mu Calle Toro, msewu wa malonda umene umachokera pa bwalo lalikulu la Plaza Mayor. Mumsewu umenewu muli sitolo ya Zara, kampani imene Amancio Ortega adatsekula sitolo yake yoyamba ku A Coruña m'chaka cha 1975, ndipo ya ku Salamanca idamangidwa m'kati mwa makoma a nyumba yakale ya amonke ya San Antonio el Real. Ndinkalowa m'masitolo osiyanasiyana ndi chishango changa, mawu akuti “solo estoy mirando, gracias”, ndikungoona chabe, zikomo. Kenaka ndinkatchera khutu kumva zimene ogula ndi ogulitsa ankanena. Ndidamva kuti pa zovala amafunsa “¿qué talla usa?”, mumavala saizi yanji, koma pa nsapato amafunsa “¿qué número calza?”, ndipo manambala awo ndi ena. Ine amene kwathu ndimavala 8, kumeneko ndimavala 42. Ndidamva “¿puedo probármelo?”, kodi ndingachiyese, “¿dónde está el probador?”, chipinda choyesera chili kuti, “¿lo tiene en negro?”, muli nacho chakuda, “¿se puede cambiar?”, kodi n'chotheka kudzasintha. Ndidaonanso kuti ali ndi iwe ndi inu ngati ife, “tú” ndi “usted”, koma ku Spain “tú” amamugwiritsa ntchito kwambiri, ngakhale kwa mlendo. Ine mwana wa kwathu ndidasunga “usted” kwa aliyense wa imvi, ndipo palibe adakwiya nazo.

Manambala adafuna sabata yawoyawo, popeza ife tidazolowera kuwerenga ndalama m'Chingerezi. “Veinte” ndi 20, “treinta” ndi 30, “cuarenta” ndi 40. Chenjerani ndi “sesenta”, 60, ndi “setenta”, 70, pakuti lemba limodzi lokha litha kukudyerani ndalama ya nsapato. Ndalama yawo ndi yuro, imene idalowa m'malo mwa peseta m'chaka cha 2002, ngakhale mayi aja akafuna kudandaula kuti chinthu chakwera mtengo ankachiwerengabe m'mapeseta, yuro imodzi kukhala mapeseta 166. Iwo ndiwo adandiuza kuti m'sitolo munthu sanenerera mtengo, koma masitolo amatsitsa okha pa nyengo ya “rebajas”, makamaka likadutsa tsiku la Mafumu Atatu pa 6 Januwale ndiponso mu Julayi. Ine sindikadadikira Januwale. Choncho adanditumiza ku msika wa Lamulungu m'mbali mwa mzinda, umene amautcha “rastro” monga msika wotchuka wa ku Madrid, kumene kunenerera n'kololedwa.

Nditatuluka m'Misa ya m'mawa ndidapita kumsikako ndi kakope kanga m'thumba. Pa benchi ina padali bambo wa ndevu zoyera akugulitsa majasi ovalidwapo kale. Ndidapereka moni, n'kunena kuti “busco un abrigo”, ndikufuna jasi. Adandifunsa saizi, ndidayankha. Loyamba ndidaliyesa n'kunena kuti “me queda grande”. Lachiwiri lidandithina m'mapewa. Lachitatu, lotuwa, lidandikhala. Ndidatembenuza kolala kuwerenga kakalata kake ndipo padalembedwa “lana”, ubweya wa nkhosa, monga mayi aja adandilangizira. Ndidafunsa “¿cuánto cuesta?”, ndalama zingati, iwo adati 35. Apa magazi a ku kaunjika adandiwira. Ndidati “es un poco caro”, ladulako pang'ono, “¿me lo deja en veinticinco?”, simungandisiyire pa 25? Adaseka, adandifunsa kumene ndidaphunzira kunenerera, ndipo tidakumana pa 28. Ndidamaliza ndi mawu amene ndidawayeserera usiku wonse: “me lo llevo”, ndalitenga. Jasi limenelo lidandisunga zaka zonse zimene ndidakhala kumeneko.

Zovala zimayenda ndi nyengo, kotero mawu a nyengo adabwera okha. Kukazizira kunja amati “hace frío”, koma ukamamva kuzizira iweyo umati “tengo frío”, ndili ndi chisanu, monga ife timati ndili ndi njala. Mawu amene ndidawamva kawirikawiri kuposa onse ndi “abrígate”, vala zofunda. Mayi aja sankandilola kutuluka pakhomo osandiuza kuti “abrígate, hijo”, vala zofunda mwana wanga, ndipo ndidadzapeza kuti “abrigo” imatanthauzanso pobisalira mphepo. Adandiphunzitsanso miyambi yawo. Dzuwa litayamba kuwala mu Epulo, ine n'kufuna kuvula jasi, adandiuza kuti “hasta el cuarenta de mayo no te quites el sayo”, usavule chofunda mpaka pa 40 Meyi. Mukawerenga bwino mupeza kuti tsikulo ndi 9 Juni. Wina umene ungatipindulire ife a m'seminale ndi wakuti “el hábito no hace al monje”, mkanjo sindiwo umapanga mmonke.

Patebulo la chakudya tinkakhala ndi anzathu ochokera ku America, ndipo iwo adandisonyeza kuti Chisipanishi chili ngati Chichewa chathu, chimene cha ku Kasungu, cha ku Thyolo ndi cha ku Chipata sichifanana mawu onse. Tisheti ku Spain ndi “camiseta”, ku Mexico “playera”, ku Argentina “remera”, ku Chile “polera”, ku Venezuela “franela”. Juzi ku Mexico ndi “suéter”, ku Peru ndi ku Bolivia “chompa”. Jekete ku Mexico ndi “chamarra”, ku Argentina “campera”. Siketi, imene ku Spain ndi “falda”, ku Argentina ndi “pollera”. Ankasekana, aliyense kunena kuti mawu a kwawo ndiwo enieni, koma pamapeto pake ankamvana. Langizo langa n'lakuti phunzirani mawu a kumene muli, ndipo mukamva achilendo funsani, pajatu safunsa adadya phula.

Kwa inu amene mukulimbana ndi Chilatini, dziwani kuti thukuta lanu silipita pachabe. “Vestido” imachokera ku “vestire”, kuveka. “Manga” imachokera ku “manica”, mwana wa “manus”, dzanja. Zovala za pa Misa nazo n'zosavuta: “alba” ndi mkanjo woyera, ndipo tanthauzo lake m'Chilatini ndi choyera, “casulla”, chovala chapamwamba cha wansembe, imachokera ku “casula”, kanyumba, chifukwa kale chinkaphimba munthu yense. Ngakhale “capilla”, katchalitchi, ndi mawu a chovala. Amachokera ku “cappa”, chofunda cha m'mapewa, pakuti mafumu a Afulanki ankasunga chofunda cha Martino Woyera wa ku Tours, msilikali uja adadula chofunda chake pakati kugawira wopemphetsa, ndipo malo osungiramo adatenga dzina la chofundacho. Mawu ena adabwera ndi Aluya amene adalamulira mbali za Spain kuyambira m'chaka cha 711 mpaka 1492. “Algodón”, thonje, ndi amodzi mwa iwo. Nthawi zonse ndikawerenga mawuwa pa kolala ya malaya ndinkakumbukira minda ya thonje ya ku Chikwawa ndi ku Balaka.

Chaka chachiwiri adandipempha kuti ndizithandiza pa “ropero” ya parishi ina. Chimenechi ndi chipinda chimene anthu amasiyako zovala zimene sakuzifunanso, kuti osowa adzatenge. Zipinda zambiri zotere zimayendetsedwa ndi Cáritas, bungwe limene kwathu timalidziwa ndi dzina la CADECOM. Woyang'anira adali mayi ena okhwima pa ntchito, ndipo tsiku loyamba adandipatsa lamulo: osapereka chovala kwa munthu usanamufunse mafunso atatu, saizi yake, mtundu umene amakonda, ndiponso “¿te gusta?”, kodi wachikonda? Ndidafunsa ngati zimenezi sizichedwetsa mzere. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Mwana wanga, osauka nawonso ali ndi saizi.”

Madzulo ena mu Januwale kudabwera mnyamata wa ku Mali amene adalowa m'dzikomo pa bwato kudzera ku zilumba za Canary. Adali atavala majuzi awiri a akazi ndi nsapato zosiyana saizi ndi phazi lake. Anthu ataona kuti tonse ndife akuda adaganiza kuti timvana, koma iye ankalankhula Chibambara ndi Chifalansa, ine Chichewa ndi Chingerezi. Chilankhulo chokha chimene tidali nacho pakati pathu chidali Chisipanishi chochepa cha m'kakope kanga. Ankafuna “pantalón negro” ndi “camisa blanca” chifukwa wina adamulonjeza kuti akamuyesa ntchito m'nyumba yodyera mawa lake. Thalauza loyamba limene lidali pafupi adalilandira ndi manja awiri n'kuyamba kulipinda kuti azipita. Ndidamugwira mkono n'kumuuza kuti “pruébatelo”, liyese. Atatuluka kuseri kwa nsalu, thalauzalo lidali likulekeza pamwamba pa akakolo, koma iye ankangoti “gracias, gracias”.

Ndidamulozera miyendo yake n'kunena pang'onopang'ono kuti “me queda corto”. Adandiyang'ana mwamantha, kenaka adayang'ana mayi aja, ngati munthu woopa kuti akadandaula alandidwa ndi chochepa chomwecho. Ndidabwereza. Potsiriza adanena yekha, motsitsa mawu, kuti “me queda corto”. Mayi aja adayankha ngati wogulitsa m'sitolo yapamwamba, n'kupita kukafuna lina. Adayesa mathalauza anayi. Pa malaya sadadikirenso kuti ndimuthandize, adanena yekha kuti “grande”, kenaka “bien”. Ngati adaipeza ntchito ija kapena ayi ndi nkhani yake, koma ndidamuona akutuluka pakhomo atawongoka msana. Pa katekisimu tidaphunzira kuti kuveka ausiwa ndi imodzi mwa ntchito za chifundo. Madzulo amenewo ndidaonjezerapo kuti usiwa suthera pa nsalu yokha. Munthu wavekedwa mokwanira pamene wafunsidwa, ndipo wapatsidwa mpata woyankha kuti ayi, ichi sichidandikhale.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi kwathu. M'misewu ya mizinda ya ku Spain muli mabokosi akuluakulu oponyamo zovala zakale, ena a Cáritas, ena a bungwe la Humana, limene lili m'gulu limodzi la Humana People to People ndi DAPP imene timaidziwa ndi masitolo ake a zovala. Zina mwa zovala zosonkhanitsidwa ku Ulaya zimagulitsidwa komweko, zina zimamangidwa m'mabelo kupita ku Africa. Choncho mukapita pa kaunjika tchuthi chikubwerachi, tembenuzani kolala muwerenge. Mukapeza “talla”, “algodón”, “lana”, “lavar a mano”, kuchapa pamanja, kapena “hecho en España”, chopangidwa ku Spain, dziwani kuti phunziro lanu loyamba la Chisipanishi mwalipeza pa mtengo wa malaya.

Kwa ang'ono anga amene mukufuna kuphunzira chilankhulo chilichonse, kaya Chisipanishi, Chifalansa kapena Chilatini chomwe, njira yanga ndi iyi. Yambani ndi zinthu zimene mumazigwira tsiku ndi tsiku. M'mawa belu likalira, tchulani chilichonse chimene mukuvala, ndi mtundu wake, mokweza mawu. Loweruka pochapa, tchulani chimene mukuchapa. Musaloweze mawu paokhapaokha, lowezani chiganizo chathunthu chimene mungachinene kwa munthu. Mawu asanu pa tsiku amakwana 150 pa mwezi, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Pezani munthu amene amagwira ntchito ndi zinthuzo, telala, wochapa kapena wogulitsa, pakuti iwo ndiwo eni mawu, ndipo amakondwa akaona wophunzira akuwafunsa.

Kwa makolo athu ndi abambo ansembe, amene nthawi zambiri mumalandira zovala zoti mugawire ana amasiye ndi okalamba m'maparishi ndi m'midzi, ndikupempha kuti tibwereke mafunso atatu a mayi aja. Satenga nthawi ndipo safuna ndalama. Ndipo kwa inu a Fomu 4, chaka chamawa kudzafika ana a Fomu 1, ena a iwo ndi juzi yobwereka ndi nsapato za achimwene awo. Musawaseke. Juni akafika ndipo mphepo yayamba kulowa m'mazenera a kogona, yang'anani amene akunjenjemera pa mzere wa m'mawa, mufunseni saizi yake, ndipo ngati muli ndi juzi yachiwiri mukudziwa chochita. Mukatero mutha kumuphunzitsanso liwu lake loyamba la Chisipanishi: “abrígate”.